Zinyalala za a Mpinganjira

Pamsika wina, Nasuluma ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi lesitilanti ya a Mpinganjira, eni malowo. Tsiku lina bwanayo anamulamula kuti, "Kuyambira lero zinyalala zanga zizitayidwa kuseri kwa benchi lakoli. Ukakana, usamuke."

Nasuluma anagwada, naimba nthungululu.

M'mawa mwake a Mpinganjira anamupeza akuvina, uku akusankhula zinyalalazo: mabotolo apa, makoko apo, mapepala uko.

"Iwe, ukukondwera chiyani?"

"Pepani bwana, asing'anga anandiletsa kuulula. Koma akuti makasitomala amatsata kumene kwapita zinyalala za mwini bizinesi."

Nthawi yomweyo anthu awiri anaima kudzagula zitumbuwa. A Mpinganjira thukuta kamukamu!

"Bweza zonse!"

"Mayo ine! Zasakanikirana ndi zanga, bwana."

Bwanayo anavula jekete, nakankha yekha wilibala, nawola zake ndi za Nasuluma zomwe, msika wonse uli chikhakhali.

Mpaka lero salola ngakhale khoko la nthochi kutuluka mumpanda mwake. Makoko amapangira manyowa, mabotolo amabweza kufakitale. Ndipo m'mawa uliwonse amasesa yekha pabenchi la Nasuluma, kuopa kuti kapepala kena kangaulukireko.