Gwape ndi Mlendo Wosaona

Kalekale, msewu wa kunkhalango usanathiridwe phula, kunali mkulu wina dzina lake a Kachingwe. Sendera kuno, mng'ono wanga, umve bwino.

A Kachingwe anali wosema ziboliboli. Ankasema mbidzi, ankasema mvuu, koma makamaka ankasema njovu. Ankagulitsa m'mbali mwa msewu kwa alendo ochokera kunkhalango yosungirako nyama. Koma njovu yeniyeni, yopuma, anali asanaionepo. Ankangoonera pa ziboliboli za anzawo.

"Chaka chamawa ndidzalowa, ndikaione," ankatero.

Chaka chamawa chinafika. "Chaka chamawa." Chinafikanso china. "Chaka chamawa." Kenako maso anayamba kuchita chifunga. Chifunga chinasanduka mdima. A Kachingwe anasiya kuona.

Anali ndi mwana wamkazi, dzina lake Tinyade. Tsiku lina m'mawa Tinyade anati, "Bambo, valani jekete. Tikupita kukaona njovu."

"Kukaona ndi chiyani? Ndi zidendene?"

"Tiyeni basi, bambo."

"Iwe ukufuna anthu akandiseke."

Koma jekete anavala.

Pachipata cha nkhalango anakwera galimoto yotseguka m'mbali, pamodzi ndi alendo ena onyamula makamera. Woyendetsa anali Yotamu, ndipo ndi yemweyo amene ankaonetsa alendo nyama. Yotamu anapereka malamulo: wina asatsike, wina asatulutse mkono, wina asakuwe. Kenako anagawa magalasi oonera patali. A Kachingwe nawonso anawapatsa. Mkuluyo anawapapasa, nati, "Zikomo, mwananga," n'kuwaika pamiyendo. Yotamu sanazindikire kanthu.

Galimoto inanyamuka. Injini gudugudu, gudugudu.

Nyama za m'nkhalangomo zinali zozolowera alendo. Iliyonse inkadziwa kaimidwe kake. Woyamba anali Mbidzi. Anaima chopingasa kuti mizere yonse ioneke.

Yotamu analoza. "Taonani uko!"

Makamera tche, tche, tche.

"Tinyade, n'chiyani?"

"Mbidzi, bambo."

"Ikutani?"

"Yangoima."

"Oo."

Anapita patsogolo. Ngoma anatuluka m'tchire, nadzutsa mutu kuti nyanga zake zopotana zioneke.

"Taonani uko!"

Makamera tche, tche, tche.

"Tinyade, n'chiyani?"

"Ngoma, bambo."

"Ikutani?"

"Yangoimanso."

"Oo."

Anapita patsogolo. Njiri anadutsa msewu ndi ana ake, onse michira tsonga m'mwamba. Alendo anafa nacho chiseko.

"Akuseka ine?"

"Ayi, bambo. Akuseka njiri."

Kenako a Kachingwe anati, "Nyama imene ndakumana nayo ine lero ndi injiniyi. Auze atibweze kuchipata, mwana wanga. Wayesetsa."

Tinyade anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, pang'onopang'ono, kuti bambo ake asamve.

Tsono pansi pa chitsamba, pafupi pomwepo, panali Gwape. Gwape anali wamanyazi. Palibe mlendo anamujambulapo. Galimoto ikamabwera, iye ankabisala, n'kumangosuzumira. Ndipo posuzumirapo ankaona zambiri.

Tsiku limenelo anaona izi: chala cha Yotamu chikaloza, mitu yonse inkatembenuka, koma mutu umodzi ayi. Njiwa italira mumtengo, mutu umodzi womwewo ndi umene unatembenuka. Anaonanso chitenje cha Tinyade.

Gwape anathamangira kwa Mbidzi. "Achimwene, pepani."

"Kweza mawu, iwe. Ukulankhula ndi udzu?"

"M'galimoto muja muli munthu amene sanakuoneni."

"Ine? Mizere yonseyi? Ndiye zake zimenezo."

Anathamangira kwa Ngoma. "Achimwene, pepani. M'galimoto muja muli munthu amene sanakuoneni."

"Ine? Nyanga zonsezi? Ndiye zake zimenezo."

Panatsala Njovu, kudambo. Chibadwire Gwape anali asanalankhulepo ndi Njovu. Anafika. Anaima. Anabwerera. Anaimanso. Kenako anapitanso.

"Mayi, odi."

Njovu anayang'ana uku ndi uku. "Ndani akulankhula pansipo?"

"Ndine Gwape."

"Gwape? Kani uli nawo mawu? Nena."

"M'galimoto muli mkulu wina, saona. Ndamva mwana wake akunong'oneza woyendetsa kuti anabwera chifukwa cha inuyo. Koma akubwerera kwawo."

"Ndiye ndimuonetse chiyani, poti minyangayi saiona?"

"Amamva, mayi. Njiwa italira, anatembenuka."

Njovu anasiya kutafuna. Anaganiza, anaganiza. Kenako anati, "Tsogola. Koma usandithawe m'njira."

Nthawi imeneyo Yotamu anali atamva zonse kwa Tinyade. Anachita manyazi kwambiri. Anatenga magalasi aja pamiyendo pa mkuluyo mwakachetechete, nati, "Pepani, bambo. Tsiku lonse ndakhala ndikukulozerani."

"Palibe kanthu, mwananga. Ndi ntchito yako."

Yotamu anatembenuza galimoto. Injini gudugudu, gudugudu. Asanapite patali, pakati pa msewu Njovu balamanthu!

Alendo anadzutsa makamera. Yotamu anadzutsa chala. Pakamwa panatseguka kuti anene mawu ake a masiku onse aja. Koma anayang'ana a Kachingwe, n'kutsitsa chalacho. Dzanja linapita pa kiyi. Anazimitsa injini.

Zii.

Mlendo wina ananong'ona, "Ikatithamangitsa tithawa bwanji?"

Yotamu anangoika chala pamlomo.

Njovu anathyola nthambi. Phwa!

Mutu wa a Kachingwe unatembenuka.

Njovu anasendera. Mchenga unalira pansi pa mapazi ake, tsee, tsee. Kenako anaguguda m'mimba, mawu akuya, ochokera pansi penipeni. Galimoto inanjenjemera. Mipando inanjenjemera. A Kachingwe anagwira pachifuwa, pakuti mawuwo analowa mpaka m'nthiti.

Tinyade anayamba, "Bambo, ndi..."

"Usandiuze," anatero mkuluyo. "Usandiuze, mwana wanga."

Njovu anakupiza makutu. Mphepo inawomba nkhope ya a Kachingwe, inawombanso. Kolala ya jekete inapepheruka. Kenako chitamba chinabwera pafupi, pafupi, n'kupumira pa chipewa chawo. Mpweya wofunda, fuu!

A Kachingwe anavula chipewa. Mkono sanatulutse, pakuti lamulo analimva.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya inu, bambo?" anayankha Njovu.

"Ndachedwa kubwera."

"Koma mwafika."

Mkuluyo anakoka mpweya m'mphuno, nati, "Palibe anandiuzapo kuti mumanunkha chonchi."

"Nanunso fodyayo sakubisika," anatero Njovu.

A Kachingwe anaseka. Anaseka mpaka misozi. Tinyade anaseka naye. Alendo ena aja anali atatsitsa makamera, ndipo mayi wina anali atatsinzina, akumvetsera.

Injini ili chizimire, nkhalango yonse inayamba kumveka. Mvuu inadzuma kumtsinje. Nang'omba anaguguda patali. Mbidzi, amene ankasuzumira cha uko, anachita manyazi, nalira kulira kwake konga kwa galu.

"Ameneyo ndi ndani?"

"Mbidzi, bambo."

"Ija inangoima ija? Kani ili ndi pakamwa!"

Njovu atatembenuka kuti azipita, a Kachingwe anafunsa, "Mayi, anakuuzani za ine ndani?"

"Kanyama kena kamanyazi. Kali pansi pa chitsamba, kudzanja lanu lamanzere. Musakatchule, kathawa."

Mkuluyo anatembenukira kumanzere. Anaweramitsa mutu. Anaomba m'manja mofatsa, monga timathokozera akulu. Phu, phu, phu.

Gwape anaima kaye pang'ono, makutu ali njenjenje. Kenako tsamba linagwedezeka, iye n'kuzimiririka.

Atafika kuchipata, mlonda anafunsa, "Mwaona chiyani, madala?"

A Kachingwe anavala chipewa chawo, nati, "Njovu. Tacheza."

Wamva, mng'ono wanga? Mbidzi anali ndi mizere, Ngoma anali ndi nyanga, koma amene anaona kuti munthu wina watsalira ndi uja wobisala pachitsamba. Iwenso ndiwe wamanyazi, ndikudziwa. Palibe cholakwa. Koma ukaona mnzako akutsalira, pita ukanene, ngakhale mawu atuluke akunjenjemera.

Pomwe panaimira galimoto paja, nthano yanga yatheranso pomwepo.