Mataiti Awiri pa Chingwe Chimodzi

Panali mayi wina ku Luchenza amene anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Mwatitha. Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kukhala pansi sankakudziwa. Kukacha, ali mumtengo wa mango. Masana ali pa fulaye, akuzinda mpira uku akudzigwetsa m'fumbi. Dzuwa likapendeka akutsetsereka pachulu atakhalira chigubu chodula pakati. Ana anzake ankamusiyira nthambi zam'mwamba chifukwa iwo ankaziopa.

Mayi ake ataona kuti diresi silibisa kanthu mwana akakhala m'mwamba, anayamba kumuveka taiti mkati, ija yothina, yotanuka, yofika mu akakolo. Nzeru yake inali yabwino. Koma taiti iliyonse inkangotha sabata imodzi, mawondo n'kuyamba kusuzumira kunja.

Mayiyo anayesa zonse. Tsiku lotsegula belo la kaunjika ankalawirira kumsika, n'kumakankhana ndi amayi anzake, akukoka nsalu iliyonse uku ndi uku kuti aone ngati ili yolimba. Anayesa ya m'sitolo, yonunkhira utsopano, koma imeneyo sinafike ndi Lachitatu lomwe. Anapita kwa telala wa pakhonde la golosale kuti amuikire zigamba za jinzi m'mawondo. Zigambazo zinalimba ndithu, koma nsalu inang'ambikira m'mphepete mwake. Telalayo anaseka, n'kunena kuti mwana ameneyu bola kungomusokera chikopa cha ng'ombe. Mayiyo sanaseke nawo.

Tsono pa mdadada wa nyumba za lendi pamene ankakhala panafika banja latsopano, khomo loyandikana. Mayi wa m'nyumbamo anali wosalankhulalankhula. Nayenso anali ndi mwana wamkazi wa msinkhu womwewo, dzina lake Ndaziona. Makomo awiriwa ankayanika pa chingwe chimodzi, ndipo pa chingwepo pankalendewera mataiti awiri akuda, ofanana ngati mapasa. Kusiyana kwake kunali m'mawondo basi. Ya Mwatitha inali yosokasoka. Ya Ndaziona inali yosalala.

Mwezi unatha, taiti ya Ndaziona ili yomweyo. Wachiwiri unatha, wachitatu n'kulowa, yosatuluka ngakhale kaulusi kamodzi. Pa miyezi imeneyo Mwatitha anali atamaliza mataiti angapo, ena atasanduka zokolopera m'nyumba.

Amayi anzanga, nsanje siyambira pa zinthu zazikulu. Ya mayi uyu inayambira pa mawondo a taiti. Akatuluka kukayanika, maso ake ankathamangira pomwepo, mtima n'kumuwawa. Tsiku lina analimba mtima n'kufunsa mnzakeyo kumene anagula nsalu yolimba chonchija. Mayi a Ndaziona anayankha mwachidule kuti ndi pa kaunjika pomwepo, pamulu, ndipo wogulitsayo sakumukumbukira. Anatero akuyang'ana pansi, n'kulowa m'nyumba.

Mayi a Mwatitha anati mumtima mwawo, akubisa ameneyu. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse cha mnzawoyo chinayamba kuwanyansa. Kufatsa kwake anakutcha kunyada. Kusacheza kwake anakutcha kudzimva. Akamuona akutuluka m'mawa atabereka mwana wamkulu chonchija kumbuyo, ankapotoza pakamwa, n'kukauza anzawo kumpopi kuti anthu ena amasasatitsa ana mpaka kuwalanda miyendo. Koma ngakhale ankanyoza choncho, mkati ankasirira. Ankasirira taiti, ankasiriranso mwana wokhala phee pakhonde, manja ali pamiyendo, wosadetsa chovala.

Mwina wina wa inu akuti, kodi munthuyu sankaona kuti mwana wongokhala pakhonde sangang'ambe kanthu? Maso anali nawo, awiri abwinobwino. Koma wansanje amaona nsalu, mwana osamuona.

Amene analawa ukali wonsewu anali Mwatitha. Akabwera bondo lili pamtunda, ankapeza kamtengo kakumudikira kuseri kwa chitseko. Mayi ake ankamulozera khonde la anzawo, n'kumufunsa ngati iye anabadwa munthu kapena nyani, popeza mnzake Ndaziona amatha kukhala ngati munthu. Anamuletsa mtengo, anamuletsa chulu, anamuletsa fulaye. Mwanayo anapirira masiku awiri atakhala pakhonde, miyendo ikugwedezeka yokha, maso ali kumene kukumveka phokoso la anzake. Tsiku lachitatu anali m'mwamba, ndipo madzulo ake analira.

Lachisanu lina masana, mayi a Ndaziona anatuluka atabereka mwana wawo monga mwa masiku onse. Pamdadada panali zii. Mataiti awiri aja anali pachingwe, atauma kale. Mayi a Mwatitha anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kenako anachotsa ya mnzawo n'kuibisa m'chitenje, pamalo pake n'kupachikapo yawo, imene anali ataisoka bondo lakumanzere ndi ulusi wakuda. Analowa m'nyumba akudzinamiza kuti sanabe, angosinthanitsa.

Anadikira kuti amva odi waukali pakhomo. Sanamumve. Anasuzumira pazenera n'kuona mnzawoyo atabwerera, akuanula zovala. Atafika pa taiti ija anaima. Anaigwira pabondo, n'kuyendetsa chala pamsoko kanthawi ndithu. Kenako anaipinda bwinobwino n'kulowa nayo m'nyumba.

Loweruka m'mawa Mwatitha anavekedwa taiti yosang'ambika ija. Inapirira Loweruka. Inapirira Lamulungu, chifukwa theka la tsikulo linathera kutchalitchi. Lolemba masana mwanayo anafika mango ali m'diresi, mawondo onse awiri ali kunja, lina likutuluka timagazi. Mayi ake anangokhala pansi pomwe anaimapo. Nsalu yolimba imene anaigonera tulo tochepa miyezi itatu inali ngati zinzake zonse. Ndipo tsopano panalibenso choti n'kukabweza mwakachetechete.

Chimene chinawapweteka koposa chinabwera m'mawa mwake. Anaona Ndaziona ali kumbuyo kwa mayi ake, atavala taiti yosokedwa ija, bondo la msoko lili poyera kuti aliyense alione. Tsiku lotsatira, yomweyo. Mayi a Mwatitha anaganiza kuti mnzawoyo akuwayalutsa mwaulemu, akuonetsa mdadada wonse ntchito ya manja a wakuba. Manyazi anawagwira, chakudya chinasiya kukoma. Atalephera kupirira, anatenga taiti yong'ambikayo m'manja n'kukaodira khomo limene anali asanalowepo chifikire anzawowo.

M'nyumbamo anapeza Ndaziona atagona pamphasa, atatsamira mapilo awiri. Ankapuma mwabefu ngati wathamanga mtunda, milomo itada. Anali atavala taiti yomweyo, kachala kake kakusewera ndi msoko wa pabondo.

Mayi a Mwatitha anagwada pafupi ndi chitseko n'kuulula zonse, mawu akutuluka modukaduka. Mnzawoyo anawamvetsera mpaka kumapeto.

“Ndinadziwa tsiku lomwelo, amake Mwatitha,” anatero mayi a Ndaziona motsitsa mawu. “Ine chibadwire mwanayu sindinasokepo bondo la chovala chake.”

Ndipo anafotokoza kuti Ndaziona anabadwa ndi nthenda ya mtima. Kuyenda kuchoka pakhomo kufika pampopi amabanika, n'chifukwa chake amamubereka popita kuchipatala. Sanauze munthu pamdadadapo chifukwa kumene ankakhala kale anthu anawatopetsa ndi manong'onong'o, ena akuti ndi zakumtundu, ena akuti alipo amene anamuchita.

“Mukakhala pakhonde panu mukusoka, uku mukulalatira mwana wanu, ine ndimakuonerani pazenera ili,” anapitiriza. “Mundikhululukire, koma ndimakuchitirani nsanje mpaka kulira. Ndimati, Ambuye, bwanji osandipatsako ine bondo limodzi lokha loti ndisoke? Inu mwakhala mukusakasaka nsalu yolimba. Ine ndakhala ndikusakasaka mwana wolimba.”

Mayi a Mwatitha anagwira pakamwa. Anapempha kuti awabwezere taiti yosokasokayo, iwo akafunefune yatsopano yoti alowetse m'malo. Koma mnzawoyo anapukusa mutu. Anati mwanayo akukana kuivula. Anati atapita nayo kuchipatala, namwino wina anaona msokowo n'kumufunsa mwanthabwala kuti wakwera mtengo uti, ndipo Ndaziona anayankha kuti wa mango, n'kuseka mpaka kutsokomola. Panali patapita miyezi mayi ake asanamve kuseka kumeneko.

“Munaganiza kuti mwatenga yabwino n'kutisiyira yoipa,” anatero. “Chonde, musatilande.”

Apo Ndaziona anadzutsa mutu pang'ono n'kuloza taiti imene inali m'manja mwa mlendoyo, ija inali yake, tsopano mabowo awiri ali yasa. Anafunsa kuti inang'ambikira kuti. Mayi a Mwatitha anati pachulu. Mwanayo anafunsanso ngati chulucho n'chachitali, ndiponso ngati munthu akamatsetsereka amamva mphepo kumaso. Mayiyo anayang'ana mabowo a taitiyo. Anali atamenyera mwana wawo chulu chimenecho kangapo konse, koma anali asanamufunsepo kuti kutsetsereka kumakoma bwanji.

Atabwerera kwawo anapeza Mwatitha ataima kuseri kwa nyumba, akuyembekezera kamtengo kake. Mayi ake anamuitana, anamutsuka bondo lotupalo ndi madzi ofunda, ndipo analigwira nthawi yaitali kuposa mmene kutsuka kumafunira. Kamtengo kaja anakathyola n'kukasonkhezera pamoto. Kenako anamutuma kuti apite kwa Ndaziona akamufotokozere za chulu, osasiya kanthu, ndi za mphepo yomwe. Iwo anakhala pakhonde n'kutenga singano.

Tsono inu amene mwamva fanizoli, pachingwe cha mnzanu pali chiyani chimene chikukusowetsani tulo? Mwaona nyumba yake ili mbee, mbale zake zosasweka, zovala za ana ake zosatha, ndiye mwayamba kumuda, ndipo ukali wake mukuuphwetsera pa ana anu omwe. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Musanasirire chinthu chosatha, yambani mwafunsa chifukwa chake sichikutha. Zina zimalimba chifukwa ndi zolimba. Zina zimaoneka zatsopano chifukwa palibe amene ali ndi mphamvu zozigwiritsa ntchito.

Lero mukakafika kunyumba n'kupeza mawondo ali pamtunda, musathamangire kuseri kwa chitseko. Tengani singano. Ndipo pamene mukulowetsa ulusi, uku mukung'ung'udza monga mwa chizolowezi chathu, kumbukirani kuti mwina kuseri kwa khoma lanu kuli mayi amene wakhala zaka akupempha Mulungu ntchito yomweyo.