Mabatani Ofufutika

Masiku amene maofesi ankalira ngati matalala padenga la malata, panali mayi wina wotaipa makalata, dzina lake Nachisale. Ha, inali nthawi yokoma imeneyo! Kabelu kankalira mzere ukatha, zala zili bii ndi kaboni. Pa taipi yake zilembo zinali zitafufutika kalekale, koma zala zinkadziwa njira.

Tsiku lina bwana anamuitana pamodzi ndi mnzake wokhala naye pafupi, Nangondo. "Amayi, mataipi tikuchotsa. Ikatha miyezi itatu, wosadziwa kompyuta ntchito yamuthera."

Nachisale anagwidwa ndi mantha. Mwamuna wake anali atamwalira, ndipo ana anayi ankadya za ntchito yomweyo.

Awiriwo anapita kukafuna sukulu. Yoyamba inali m'nyumba yosanja, khoma lonse zithunzi za anthu ovala magauni. Makompyuta anali waliwali, okutidwa m'mapulasitiki kuopa fumbi, ophunzira ali chauko, kukopera m'makope zolembedwa pabolodi. Nangondo analembetsa pompo.

Yachiwiri inali kuseri kwa chigayo, mipando yogwedera. Nachisale sanafunse za satifiketi. Anawerama n'kuyang'ana mabatani a makompyuta. Zilembo zinali zitafufutika, ngati pa taipi yake ija.

"Pano anthu amagwira," anatero. "Ndilembeni."

Nangondo anaseka mpaka misozi. "Achemwali, inu mukatulukako ndi gaga kumutu basi!"

Miyezi itatu inatha. Bwana anaika kompyuta patebulo nati aliyense alembe kalata. Nangondo anatulutsa satifiketi yake yokongola, natchula pamtima ziwalo zonse za makinawo. Koma poyatsira pake sanapadziwe. Nachisale anakhala pansi, zala zinathamanga, kalata inatuluka.

Ntchito inamutsalira, ana sanagone ndi njala. Koma chimwemwe chake chinali choperewera, poti Nangondo ntchito inamuthera. Zaka makumi awiri ankagawana mbatata ya tiyi ndi Nangondo, ndipo m'mawa mwake anapeza kuti wanyamulanso ziwiri mwachizolowezi. Yachiwiriyo inakhala patebulo mpaka poweruka.

Tsono inu ana anga, amene mukufuna kuphunzira makompyuta, magauni asakunyengeni, amabwereka amenewo. Mukalowa pasukulu, musayambe mwayang'ana kukhoma. Weramani muone mabatani. Ngati akadali atsopano, dziwani kuti inunso simudzawagwira.