Odi wa Pakhomo la Laibulale

Itangotha swala, pemphero la Asilamu la masana, Dokotala Rashidi Mbwana anafika mu ofesi ya Shehe Twaibu Matola, kalata ili m'manja. Shehewa ndiwo ankayang'anira kosi ya ophunzira a chaka choyamba pakoleji pomwe awiriwa ankaphunzitsa, yowazoloweza kulemba notsi, kufufuza mabuku ndi kufunsa mafunso m'kalasi. Anali munthu wozama m'maphunziro, koma mukanawaona akupalasa kanjinga kawo kakale kaja, mukanayesa ndi mlonda.

Atalonjerana, a Mbwana anayala kalatayo patebulo.

"Shehe, mundikhululukire. Ndikupempha musayine kuti andichotse pa kosi imeneyi. Zaka zisanu ndinazizidwa kunja kufuna digiri yachitatu, ndiye lero ndiziphunzitsa anthu akuluakulu kalowedwe ka mu laibulale? Zikundichititsa manyazi."

Ankadziwa bwino kuti akachoka, ophunzira makumi asanu ndi atatu atsala opanda mphunzitsi mpaka semesita kutha. Koma tsiku limenelo mtima wawo unali pa digiri basi.

Shehe anawerenga kalatayo modekha, kenaka anavula magalasi.

"Mwalemba bwino, Dokotala. Mungandilole ndikuuzeni za mnyamata wina wa ku Namwera?"

"Nenani, Shehe."

"Anabwera pakoleji ataloweza Kurani yonse. Sabata yoyamba anapita ku laibulale, naima pakhomo, nati, 'Odi.' Kunali zii. Anaodira katatu monga tinaphunzitsidwira ku madrasa, kenaka anabwerera, poti munthu salowa m'nyumba asanaloledwe. Anachita zimenezi masabata asanu, mpaka anangoti nyumbayo ndi ya ana a mabwana. Mayeso oyamba analephera onse. Anali atamanga kale katundu wobwerera kumudzi pamene mayi ena osesa anamuona pakhomopo nati, 'Mwanawe, kuno sayankha. Ingokankha chitseko ulowe.'"

A Mbwana anaseka pang'ono. "Koma ameneyo anali wotsalira zedi. Anathera kuti?"

"Ndi yemwe mukumupempha kuti asayineyu."

A Mbwana anayang'ana pansi, manyazi atawagwira. Shehe sanawaseke, sanakwezenso mawu. Anangokankhira kalata ija pakati pa tebulo.

"Ngati ndiko kufuna kwanu ndisayina, sindikakamiza munthu. Koma mayi aja anatisiya kalekale, Allah awachitire chifundo, ndipo chaka chilichonse kumabwera ana ena oima pamakomo athu, akuodira chamumtima. Musanandipatse cholembera, Dokotala, mundiuze dzina la munthu amene akawayankhe kuti, 'Lowani.'"