Bambo Amene Anakana Mwana Wake Pamsika

Pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu wafumbi panali munthu wina wokhoma zidebe. Tsiku lonse ankakhala pansi pa mtengo wa mango, akudula malata, akukhoma ndowa ndi mbaula. Sanali wakuba, sanali chidakwa, ndipo ndowa zake sizinkadontha. Nthenda yake inali imodzi yokha, mantha. Mkazi wake anamwalira kalekale, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi dzina lake Ndaziona, choncho aliyense ankangomutchula kuti bambo a Ndaziona.

Manthawo sanamere okha. Iye ali mnyamata, mkulu wake Lufeyo anasankhidwa kupita kusekondale, woyamba m'mudzi monse. Amayi awo analuluta mpaka mawu kusasa. Mbuzi inaphedwa, ng'oma inalira, anthu anadya n'kukhuta. Katundu ali womangamanga, Lufeyo anayamba kudandaula mutu, ndipo asanakwere ndi basi yomwe anamuika m'manda. Achipatala anatchula dzina la matendawo, koma panyumbapo palibe amene analisunga. Chimene anasunga ndi mawu amene amayi awo analira pamaliro: "Ndakupha ndine, mwana wanga, ndi nthungululu zangazi." Kuyambira pamenepo munthu uja anakhulupirira kuti chabwino chikangotchulidwa pagulu, chaitana maso oipa.

Tsono taonani, munthu wamantha chotere ndiye anapatsidwa mwana wanzeru zoopsa. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitatuluka, Ndaziona anaposa ana onse a m'boma limenelo, ndipo anasankhidwa kukaphunzira udokotala kuyunivesite. Mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yake anabwera yekha pamtengo wa mango paja, nkhope ili mwee. Asanathe ndi moni yemwe, bambo uja anamukokera kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Ndaziona, mwana wanu wagwedeza boma lonse lino," anatero mphunzitsiyo. "Fizi ya kuyunivesite ndowa zanuzi sizingaikwanitse, koma pali bungwe lina lolipirira ana a kumudzi okhoza bwino. Lamusankha. Chatsala n'chimodzi basi. Adzabwera anthu awo kudzaona ndi maso kuti mwanayo ndi wa pano ndithu, chifukwa ana ena a mabwana a m'tauni amabwereka maina a midzi kuti adye za amphawi. Akadzakufunsani, mudzangonena zoona."

"Tsitsani mawu, aphunzitsi," anatero bambo uja. "Kuseri kwa mpandawu kumakhala anthu."

Kuseri kwa mpandako kunkakhala mayi Nangondo, mayi wamasiye wophika thobwa. Maso awo anali ofiira ndi utsi wa tsiku ndi tsiku. Ana awo onse anasiyira sukulu panjira. Ndipo ankakonda kufunsa za Ndaziona, kumuitana kuti "mwana wathu," kumupatsa thobwa laulere akamachokera kusukulu. Kwa munthu wamantha, zizindikiro zinali zitakwana.

M'mawa mwake mayi aja anasuzumira pampanda. "Nanga mwana wathu zamuyendera bwanji?"

"Walephera, mayi," anatero bambo uja. "Wagwa chagada."

Tsiku lomwelo anatumiza Ndaziona kwa azakhali ake kuseri kwa mapiri, namuuza kuti asaonekere mpaka iye atamuitana. Mbiri ya kulephera inayenda monga mudziwira inu mmene mbiri zotere zimayendera. Anthu anayamba kubwera kudzapepesa. Iye ankawalandira nkhope ili yakugwa ngati wofedwa, ndipo wina wachifundo anamubweretsera nkhuku. Anaidya, koma sinakome.

Masiku amenewo sanali kupuma. Khwangwala akatera padenga, mtima phaa. Akaona phazi lachilendo pabwalo, ankalisesa msangamsanga. Chinkamulimbitsa mtima n'chakuti alendo aja adzabwera wapansi, adzagogoda pachitseko, iye adzawalowetsa m'nyumba, adzatseka, n'kuwanong'oneza zoona zonse. Ankati akatero mwana adzanyamuka m'bandakucha osatsazika munthu, ndipo a kaduka adzamva atafika kale.

Koma alendo sanabwere wapansi. Anabwera tsiku la msika, dzuwa lili paliombo, pa galimoto yoyera, ndipo inadzaima pansi pa mtengo wa mango womwe uja. Ogulitsa tomato anasiya tomato wawo. Ometa anasiya mutu wa munthu uli theka. Mayi Nangondo nawo anasendera pafupi, ndowa ya thobwa ili pamutu, ndowa yokhomedwa ndi bambo yemweyo.

M'galimotomo munatsika mayi wovala magalasi, wa mawu omveka ngati wolengeza kutchalitchi. "Zikomo bambo. Tachokera ku bungwe lolipirira ana sukulu. Kodi ndinu bambo a Ndaziona, mtsikana amene waposa ana onse m'boma lino?"

Bambo uja anayang'ana khamu lija, anthu omwe aja anabwera kudzamupepesa. Anayang'ana mayi Nangondo, napeza maso ofiira aja ali pa iye, pakamwa pawo patatseguka pang'ono. Pomwepo m'maganizo mwake anaona bokosi la Lufeyo likutsikira m'dzenje, namvanso mawu a amayi ake. Mumtima anati, ndikavomera pano, mwana wanga sadzafika kumene akupitako. Ndikane lero, mawa ndikakonze mwakachetechete.

"Ndine bambo a Ndaziona," anatero. "Koma wangayo analephera. Amene mukufunayo si wa pano. Mwasokera."

Mayi wa magalasi uja anamuyang'anitsitsa, kenako anatembenukira kukhamu. "Kodi n'zoona zimenezi?"

"N'zoona, mayi," anayankha anthu. "Tinapita tokha kukapepesa."

"Nanga mwanayo ali kuti?"

"Anachoka ndi manyazi," anatero wina.

Mayi uja anapukusa mutu, nati kwa mnzake amene anabwera naye, "Ndi zomwe zija, dzina lobwereka." Analowa m'galimoto. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Fumbi litatsika, bambo uja anatola nyundo yake n'kuyambanso kukhoma, ndipo kwa kanthawi anamva mtima uli m'malo, ngati munthu amene walanditsa mwana m'kamwa mwa ng'ona.

Anadikira kuti nkhaniyo izizire kaye, anthu asamuone akukwera basi n'kuyamba kufunsa. Itazizira anavala jekete lake la kutchalitchi, napita kutauni, nafunsafunsa mpaka anapeza ofesi ya bungwe lija. Anapezamo mayi yemwe uja. Anagwada, nanong'ona zonse.

"Bambo, dzukani," anatero mayiyo. "Pamaso pa msika wonse munati mwana wanu analephera, mudzi wonse unakuvomerezani. Lero muli nokhanokha mukuti anakhoza. Ife timvere pakamwa pati? Makolo obwereka tawaona ambiri, ndipo onse amabwera chonchi, mwakabisira. Malo aja tinapereka kwa mwana wotsatira. Titafika kwawo, mudzi unatilandira ndi nthungululu."

Mphunzitsi wamkulu naye anayesa kupitako, koma madzi akatayika saoleka. Yunivesite inatsegula, ndipo popanda wolipira, malo a Ndaziona anapita.

Madzulo ena bambo uja ali khale pakhonde, anaona mayi Nangondo akulowa pabwalo, atanyamula bulangete latsopano likadali m'pepala lake.

"Ili ndinagula chaka chatha," anatero mayi aja, akuliika pamphasa. "Ndinkati mwana wathu akadzapita kusukulu yaikulu asakazizidwe. Ine ndinkadziwa kuti anakhoza, bambo a Ndaziona. Mawu a aphunzitsi tsiku lija anadutsa mpanda."

"Munkadziwa? Nanga pamsika paja simunanene bwanji?"

"Ndinatsegula pakamwa. Koma mmene munandiyang'anira, ndinachita mantha. Ndinati ndikanena kuti mwanayu anakhoza, n'kudzangodwala ngakhale chimfine, mudzati ndamulodza ndine. Ine ndine mkazi wamasiye wa maso ofiira. Mukudziwa chimene anthu amachita ndi munthu wotere."

Zaka zonsezo bambo uja ankaopa mayi aja, osadziwa kuti nawonso ankagona akumuopa iye.

Ndaziona anabwerako kwa azakhali ake ali wathanzi, wopanda ngakhale chipsera. Anamva zonse kwa mphunzitsi wake. Sanalire pamaso pa bambo ake, ndipo sanakweze mawu. Anakhala pansi pa mtengo wa mango paja, natola lumo lodulira malata, nati, "Bambo, mwandisunga, ndili moyo. Tsono ndiphunzitseni kukhoma ndowa."

Apo m'pamene munthu uja analira, pagulu, msika wonse ukuona.

Inu makolo amene mwakhala panonu, zotsatira za ana anu zili pafupi kutuluka, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakonza kale bodza loti mudzauze anansi. Sindikuti kaduka kulibe. Kaliko, ndipo tonse takaonapo. Koma palibe munthu amene anamulodza mwana uja. Amene anamutsekera njira ndi munthu amene ankamukonda kuposa onse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mnzakoyo angamuimire bwanji umboni ngati iwe wamuuza kuti mwanayo analephera? Tsiku limene mlendo adzaime pakhomo panu n'kufunsa kuti, "Kodi mwana wokhozayu ndi wanu?" thukuta lidzatuluka ndithu. Mudzavomere choncho, mukunjenjemera, ndipo mudzavomere mokweza kuti a kuseri kwa mpanda amve.