Dzenje la Kuseri kwa Nthochi

Panali munthu wina woweta nkhumba, amene khola lake linkadziwika m'midzi itatu. Chinkamutchukitsa ndi nkhumba yake yaimuna, chinkhumba chachitali ngati benchi la m'tchalitchi. Aliyense wofuna mbewu yabwino ankabwera ndi yaikazi yake kudzakweretsa pamenepo. Mwiniwakeyo ankayenda chifuwa chili patsogolo, ngati kuti ana a nkhumbawo ankabereka ndi iye.

Tsiku lina m'mawa anathira madeya, koma nkhumba ziwiri sizinadzuke. Thupi linali moto, makutu atachita mawanga ofiira. Pofika masana imodzi inali itauma. Munthu uja sanachite kuuzidwa. Chinali chigodola, matenda amene akalowa m'khola amasesa zonse. Anakumba dzenje kuseri kwa nthochi, nakwirira, napondaponda, nayalapo masamba ouma.

Amene anaona ndi mlamu wake yekha, wootcha kanyenya pamsika.

"Alamu, pakamwa potseka," anatero. "Zotsalazi tiphe zisanagwe, Loweruka ndikagulitse. Nyama yootcha siyankhula."

Mawuwo anamulowa munthu uja, chifukwa anali ndi mantha. Ankadziwa kuti akaulula, alangizi a ziweto adzabwera ndipo khola lonse lidzapita, ndi chinkhumba chija chomwe. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Mawa lake kunafika mayi wina wamasiye, Nangozo, akukoka nkhumba yake yaikazi, chingwe chili kumwendo. Inali imodzi yokhayo, ndipo ana ake onse ankayang'ana pa iyo.

"Odi kuno, a Gama! Ndabwera naye mkwatibwi."

Munthu uja anathamanga kukamutchingira panjira. "Pepani mayi, mkwati watopa masiku ano. Kayeseni kutsidya."

Mtima wake unakhala pansi. Nkhumba ya mayiyo waipulumutsa, chinsinsi nacho chili pomwepo. Anadziona wanzeru ndithu.

Mayi uja anatembenuka kuti azipita, kenako anacheuka. "Alamu anu akuti Loweruka kuli nyama. Mundisungire matumbo, ana akanyambiteko. Ine sinditaya kanthu, madzi otsukira ndi makombo omwe ndimamuthirira ameneyu." Anatero akuisisita nkhumbayo pamsana.

Apa munthu uja m'maganizo mwake anaiona nyama ija ikulowa m'majumbo, majumbo akulowa m'makomo, madzi otsukira akuthiridwa m'khola lililonse la midzi itatu ija. Nkhumba imene waibweza pachipata, matenda akaipeza kwawo. Anachita manyazi aakulu, ndipo manyaziwo anaposa mantha.

"Mayi, imani pomwepo," anatero. "Ndakunamizani. Muno mwalowa chigodola. Imodzi ndaikwirira dzulo kuseri kwa nthochi uko. Loweruka kulibe nyama. Bwererani, ndipo aliyense amene mukumane naye mumuuze kuti mwamva kwa mwini khola."

Anasamba, nasintha nsapato, natulutsa njinga. Mlamu wake anamugwira chiwongolero.

"Alamu, mwapenga? Mukudziwotcha nokha!"

"Zanga zapita kale," anayankha munthu uja. "Za anzanga zisapitire pa ine. Siyani njinga."

Anapalasa mpaka kwa alangizi osaima paliponse. Tsiku lomwelo nkhumba zonse zinaphedwa, ndipo dzenje la kuseri kwa nthochi linakulitsidwa. Pamene chinkhumba chija chinkalowamo, mwiniwake analira poyera ngati mwana, ndipo sanabise nkhope. Nyama ya nkhumba inaletsedwa pamsika kwa milungu ingapo. Ootcha kanyenya anasiya kumupatsa moni, mlamu wake akamuona ankakhota njira. Koma matendawo sanadumphe mpanda wake.

Patapita miyezi, udzu utamera m'khola muja, Nangozo anabweranso atasenza dengu. M'dengumo munali kamwana ka nkhumba, kakulira kuti mudzi wonse umve.

"Yabereka asanu ndi awiri. Aka nkanu, muyambirepo."

Munthu uja anakayang'ana kankhumbako nthawi yaitali, manja akumuyabwa. Kenako anapukusa mutu.

"Alangizi anati khola ligone kaye. Yatsala miyezi iwiri. Bwererani nako mayi, mundisungire."

Mayiyo anaseka. "A Gama inu, ntchito yanu nkungondibweza panjira basi!" Ndipo anasenzanso dengu lake.

Ophunzira anga, mwandifunsa tanthauzo la mawu achingerezi aja akuti *disclose*, amene mumawapeza pa mafomu a kuchipatala ndi a ntchito. Mukatsegula buku likuuzani kuti ndi kuulula, ndipo silinama. Koma si kuulula kwa miseche, kotola za mnzako kukazimwaza pachitsime. Ndi kuvundukula chimene unachikwirira wekha, pamaso pa munthu amene ayenera kudziwa, nthawi yomuthandiza isanathe. Munthu uja ponena kuti mkwati watopa, anangozemba. Anaulula pamene analoza nthochi zija ndi chala chake.

Aliyense wa ife ali ndi kadzenje kake kamene anayalapo masamba. Ena nkamatenda, ena nkamlandu, ena nkamwana ka kumbali kamene mkazi wa m'nyumba sakadziwa. Sindikukunamizani kuti mukaulula anthu adzakuomberani m'manja. Ena adzakhota njira. Koma pali wina akubwera panjira yanu, akukoka nkhumba yake imodzi yokhayo. Musadikire Loweruka. Kamuuzeni lero.