Mizinda Isanu ndi Umodzi ya a Nickson

Ku Mbedza, wailesi ikasiya kulankhula, aliyense ankadziwa kuti chipatala chake ndi kwa a Nickson. Bambowa anali ndi dzanja labwino, koma makani, eee, analinso nawo. Tsiku lina anabwera ndi chimakina chakale cha gemu, chonga chija ankasewera ali mnyamata. Atachikonza chinayaka. Pansi pa galasi panaoneka mizinda isanu ndi umodzi, kumwamba mizinga ikugwa ngati matalala, ndipo ntchito ya wosewera inali kuiphulitsa isanafike pansi. Unyamata wonse unawabwerera a Nickson, mpaka mawailesi a anthu anayamba kugwira fumbi.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rosebell, anali atapeza ntchito ya unamwino kutsidya kwa nyanja, ndipo ulendo unali Lolemba. Sanapemphe phwando kapena nsalu. Chimene ankafuna n'choti bambo ake akwere naye phiri la Zomba komaliza, monga ankachitira iye ali wamng'ono, akumunyamula pamapewa n'kumugulira mabulosi m'mbali mwa msewu.

"Ababa, tipite Lachisanu," anatero.

"Tipita, mwanawe. Ndingopulumutsa kaye mizinda yanga yonse kamodzi kokha."

Komatu gemu ija inalibe polekezera. Ukapulumutsa mizinda, mizinga ina imabwera yothamanga kuposa yoyamba. A Nickson ankadziwa zimenezi, koma mtima unkawanamiza kuti ulendo uno zitheka. Lachisanu linadutsa, Loweruka nalonso. Lamulungu atachoka kutchalitchi, Rosebell anaima pakhomo la shopu atavala kale nsapato zoyendera.

"Ine ndikutsogola, ababa. Mundipeza pamwala wathu uja."

"Ndili pambuyo pako," anayankha osacheuka, chala chili pabatani.

Anadzidzimuka dzuwa litapendeka, chiperoni chitaphimba phiri lonse. Rosebell anabwera madzulo atanyowa, ndipo sanadandaule. Anangoti kunali kozizira, n'kulowa kukalongedza. M'mawa mwake anatsanzikana padepoti mwachangu, kondakitala akukuwa, ndipo basi inanyamuka mawu ambiri akadali kukhosi.

Apa m'pamene nyumba inakula. Chimakina chija anachifunditsa chitenje, sanafunenso kumva kulira kwake. Anampukwa mwana wawo, kumpukwa kwenikweni, koti ngakhale tiyi sankatsika. Loweruka lotsatira anakwera phiri okha, mawondo akudandaula. Atafika pamwala paja anakhala pansi n'kuyang'ana tauni ili phee kumunsi, malata akunyezimira.

Mayi wina wogulitsa mabulosi, amene ankawadziwa kuyambira kale, anawayandikira.

"Kodi si a Nickson inu? Mwachedwatu. Mwana wanu uja anakhala pomwe mwakhalapo tsiku lonse. Anagula timabasiketi tiwiri, kena anadya, kena anangokafungatira. Galimoto ikamveka, iye dzuu, kusuzumira kunjira. Nditamuuza kuti atsike, nkhungu yachuluka, anati, 'Ayi, ababa anga akubwera, sanama.'"

A Nickson anapisa dzanja m'thumba. Anagula kabasiketi kamodzi n'kukaika pamiyendo, osadya ngakhale limodzi. Mphepo inali yomwe ija, mitengo ya paini yomwe ija, koma woti "ababa, taonani uko" panalibe. Misozi inatsika osaipukuta, mayi uja n'kubwerera mwakachetechete pamalonda ake.

Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.